Funso la Kamlatho ka Kumanda

Aneba athu, agogo osoka maukonde, saphonya msonkhano wa makandidatu kuno ku Metangula. Chisiyireni sukulu ndimawaona: amafika oyamba ndi kampando kawo n'kukhala okha kutsogolo. Makandidatu amalonjeza msika watsopano, magetsi, msewu wabwino wa machapa, maminibasi athu akuno. Agogo funso lawo ndi limodzi basi, la kamlatho pamtsinje wa kumanda, chifukwa mvula ikayamba satha kuwoloka kukalambula manda a akazi awo.

Sabata yatha anafunsanso. Munthu wina anakuwa kumbuyo, "Madala, akufa savota!" Anthu anaseka, kandidatunso anaseka n'kupitiriza za msika.

Agogo ananyamula kampando kawo nati, "Zoona, mwanangu. Koma amayi ajawo ndi okhawo amandimvetsera mpaka nditamaliza kulankhula."