Mkeka Wobiriwira wa a Noelene

A Noelene Treloar ndinawadziwa chifukwa cha phokoso. Ine ndi amuna anga a Lindsay tinali titangoimika kalavani yathu pabwalo la zionetsero ku Hughenden, pomwe apaulendo timakonda kugona. Kenako kunalowa chigalimoto chanyumba chakalekale, galu pawindo ili, galu wina pawindo ilo, mkati mbalame ikukuwa ngati yapsa nthenga. Woyendetsa anali mayi wamfupi waimvi, atakhalira pilo kuti aziona kutsogolo. Anabwerera chammbuyo kamodzi kokha n'kulowa pakati pa mitengo iwiri, malo omwe a Lindsay anali atalimbana nawo mpaka kuwasiya.

"Mwaona?" ndinatero.

"Sindinaone kanthu," anayankha a Lindsay.

Ndinene poyamba kuti sindinalembepo nkhani yoti anthu awerenge. Ntchito yanga inali yoyeza magazi kuchipatala, ndiye ndinazolowera kuona chinthu kawiri ndisanachikhulupirire. Zomwe sindinaone ndi maso anga ndinafunsa eni ake. A Noelene andilola kutchula dzina lawo, koma zaka zawo akana.

Atazimitsa injini sanathamangire kulumikiza magetsi kapena madzi monga timachitira tonsefe. Anatsika ndi mkeka wapulasitiki wobiriwira, nauyala pakhomo, nawongola ngodya zake ndi phazi. Atatero m'pamene anatsekulira a m'nyumba mwawo. Anayamba kutsika Boof, chigalu chomwe kale chinkabusa nkhosa koma tsopano chimangobusa tulo. Kenako Tuppence, kagalu kochepa thupi koma kochuluka pakamwa. Clarrie, chinkhwe chotuwa chofiirira pachifuwa, anatsika ali paphewa pawo. Womaliza anali Beryl, mphaka wokalamba wa ng'ala m'maso. Anafufuza sitepe ndi phazi, naponda mkeka, nakhala.

"Bwerani pafupi amwali, agaluwa saluma," anandiitana. "Woluma ndi wanthengayu, koma amasankha amuna okhaokha."

Kwawo ndi ku Port Pirie, komwe ankayendetsa basi ya ana asukulu mpaka tsitsi linayera. Amuna awo a Col atamwalira, mwana wawo wamwamuna anawapezera kanyumba kabwino kumalo okhala okalamba. Vuto linali limodzi: kumeneko amalola chiweto chimodzi basi.

"Akuti, Amayi, sankhani mmodzi. Ine ndati, iwe, ndikanauzidwa kuti ndisankhe pakati pa iwe ndi mlongo wako ukanamva bwanji? Akuti, mukanasankha ine. Ndati, usadzinamize mwanawe."

Anagulitsa nyumba, nagula chigalimotocho, nakweza onse anayi. Kuyambira pamenepo kukazizira amakwera kumpoto, kukatentha amatsikira kummwera, monga timachitira tonse aimvi a mumsewu.

Ndinawafunsa kuti ziwetozo sizisochera bwanji, popeza sabata iliyonse zimadzuka pamalo achilendo. Analoza pansi.

"Kwathu si m'galimotomu ayi. Kwathu ndi pamkekapa. Ndikauyala m'chipululu, kwathu ndi m'chipululu. Beryl uyu saona bwino, koma mapazi ake amaudziwa. Akauponda amadziwa kuti kutsogolo kuli sitepe, pamwamba pa sitepe pali bedi."

Ndiyenera kuwonjezera mfundo imodzi, pakuti ndi yofunika kutsogoloku. Mkeka woterewu umagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya zapaulendo, ndipo ambiri a ife tili nawo. Athu ife ndi wotuwa.

Moyo wotere uli ndi zake. M'nkhalango zosungidwa ndi boma salola ziweto, ngakhale zitakhala m'galimoto. Kuzitsekera n'kuchoka sikutheka, chifukwa kuno galimoto yotsekedwa imasanduka uvuni dzuwa lisanafike pamutu. Enafe tili ndi mwambo wosungirana: lero ndikusungirani galu mukaone malo, mawa mundisungire wanga. A Noelene mwambo umenewu ankaudziwa mbali imodzi yokha. Ankasungira aliyense, koma awo sanasiyirepo munthu. Ankangoti, "Clarrie ndingamusiyire ndani amene sindimuda?" Choncho anazungulira dziko lonse akudutsa pazipata za malo okongola osalowa.

Dzuwa likapendeka timanyamula mipando ndi zakumwa n'kukhala bwalo. Tsiku lomwe ndikunenali tinakhala pakhomo pa a Merv Haupt ndi akazi awo a Glenys, alimi a nzimbe opuma a ku Bundaberg, amene galimoto yawo yanyumba inaima moyandikana ndi ya a Noelene. A Merv ankaotcha masoseji uku akulalikira.

"Mphaka ndi chigawenga. Mbalame zonse za m'dziko muno zatha ndi amphaka."

"Madala, Beryl wangayu alibe mano," anatero a Noelene. "Mbalame angaiphe ndi chiyani, miseche?"

"Galu ndimamva. Koma mphaka m'galimoto mwanga, ndili moyo? Ayi."

"Iyenso sangalowe. Amasankha."

A Glenys anati m'mawa alawirira kuchigwembe chachikulu cha kumpoto kwa tauniyo, akatsikira mpaka pansi kukasambira. "Tiyeni a Noelene, mwadutsa pano kangati osakaona?"

"Ndidzaona pachithunzi chanu, amwali. Dzenje ndi dzenje."

Pamene tinkaseka, Boof anali akutha masoseji a a Merv kuseri kwa tebulo. Sanakhale nawo nthawi. Anakawasanza onse pamkeka wa kwawo, ndipo a Noelene anautsuka n'kuuyanika pampanda.

M'mawa mwake ndinali kumwa tiyi pamene ndinamva a Noelene akuitana Beryl. Poyamba ankaitana moseka, kenako mawu anasintha. Tinayang'ana pansi pa magalimoto, kuzimbudzi, m'makola a ng'ombe a pabwalopo. A Lindsay anasuzumira ngakhale m'migolo ya zinyalala. Titabwerera tinapeza a Noelene ataima chilili. Ankayang'ana mkeka wawo uli pampanda, kenako malo opanda kanthu pomwe panali galimoto ya a Merv. Udzu unali wogona pomwe panali mkeka wa a Merv, ndipo Tuppence ankanunkhiza pomwepo akulira.

"Desley," anatchula dzina langa motsitsa, "mkeka wa a Glenys unali wamtundu wanji?"

Ndinali nditakhalapo dzulo lake. "Wobiriwira," ndinatero.

Zonse zinaoneka poyera. Beryl anatuluka m'mamawa monga mwa masiku onse, pobwerera sanapeze mkeka pakhomo pake, anaupeza pakhomo lotsatira. Chitseko chinali chotsekula pakuti eni ake ankalongedza. Anakwera sitepe n'kukagona kwawo.

Ndinaimbira a Glenys, foni sinalowe, pakuti ukangotuluka m'tauni imafa. A Lindsay anayesa wailesi ya m'galimoto, koma anayankha ndi woyendetsa lole wina amene ankalowera kwina. A Merv alibe ziweto, ndiye tonse tinadziwa chomwe akachite akafika: kutseka mawindo onse, kukhoma chitseko, n'kutsikira m'chigwembe mpaka masana. Kunali kumapeto kwa Seputembala, ndipo malata anali atayamba kale kutentha.

A Noelene anathamangira kugalimoto yawo, nagwira chitseko, naima. Kuchigwembeko ndi nkhalango ya boma. Ndi agalu awiri ndi chinkhwe sakanalowa, komanso chigalimoto chawocho chimayenda ngati chikuperekeza maliro.

"Zisiyeni ndi ine," anatero a Lindsay. "Tengani galimoto yathu, n'kale ndinaimasula kukalavani."

A Noelene anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi.

"Munasungapo chamoyo inu?"

"Mayi awa ndawasunga zaka zonsezi, akadali moyo."

"Boof asadye chilichonse. Tuppence akauwa musamuyankhe. Clarrie musamuloze chala." Anachotsa chinkhwecho paphewa n'kuchiika pampando. Kenako anakatenga mkeka pampanda, ukadali wonyowa, naupinda.

Ndinayamba kuyendetsa ndine. Ndivomere kuti ine ndimatsata zikwangwani zonse, ndipo ndimasiyako pang'ono kuopa kuti mwina singano ya liwiro ikunama. Tisanapite patali a Noelene anati, "Amwali, imani. Mukuyendetsa bwino kwambiri, koma tikapeza mphaka atapsa." Tinasinthana. Anakhalira mkeka wopindawo m'malo mwa pilo. Ndinayang'anitsitsa singano njira yonse, ndipo ndikutsimikiza kuti sanapyole lamulo, koma sanalisiyireko ngakhale kadontho.

Tili pakati panjira anatchula amuna awo. "Beryl anamutola ndi Col kudoko, ali kamwana, n'kubwera naye m'chipewa," anatero, osandiyang'ana.

Pamalo oimikapo magalimoto tinapeza nyumba zamatayala zoyera zili mndandanda, zonse zofanana. Mwayi wake ife timalemba maina kumbuyo kuti wotitsatira atiitane pawailesi. Tinayenda tikuwerenga mpaka tinapeza "Merv ndi Glenys". Inali padzuwa, mawindo otseka, makatani otsitsa. Nditakhudza chitseko ndinachotsa dzanja msanga. A Noelene anaika khutu pakhoma naitana. Kunali zii.

Ine ndinayamba kuganiza za malamulo okhudza kuswa windo la munthu. A Noelene anangogwada, napisa dzanja pamalo ena pansi pa galimotoyo, natulutsa kiyi wapadera.

"Munadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Inu wanu mumabisa pati?"

Ifenso timabisa pomwepo. Malowo sindiwalemba pano, ndipo ndikupempha anzanga onse owerenga kuti aganizirepo.

Titatsekula, mpweya wotentha unatiomba kumaso. Tinatsekula mawindo onse. Tinafufuza pabedi, pansi pa tebulo, m'bafa, koma mphaka osaoneka. Ine sindinkafuna kutsekula makabati a eni ake, koma a Noelene anali atayamba kale. Kenako anasiya, natuluka, nayala mkeka wawo wonyowa uja pakhomo, nawongola ngodya ndi phazi. Anakhala pansi n'kuyamba kuukanda ndi zikhadabo, kwee, kwee, monga amachitira Tuppence akafuna kugona.

Tinadikira. Ndinamva kanthu kakugwa kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa, komwe a Merv amaponya zovala zakuda. Beryl anatulukira akuyenda mozandima, kukamwa kuli yasa, kabudula wamkati wa a Merv atamukola m'khosi. Anafufuza sitepe ndi phazi, natsika, nagona chamimba pamkeka wozizirawo.

"Chitsiru iwe," anatero a Noelene akumupukuta ndi nsalu yonyowa. "Nkhalamba yopanda nzeru. Nyumba zonsezi wasankha ya mdani wako?" Misozi inkagwera pamphakayo. Beryl anamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo patapita kanthawi anayamba kudzinyambita, chomwe a Noelene anati ndi chizindikiro chabwino.

Tili pomwepo a Merv ndi a Glenys anatulukira, thukuta lili kamukamu. Anali atabwerera panjira chifukwa bondo la a Merv linakana zitunda. Anapeza nyumba yawo ili pululu, amayi awiri atakhala pakhomo.

"Kodi mwatilanda?" anafunsa a Merv.

"Mwaba mphaka wanga, madala. Ndikukaitana apolisi."

A Glenys ataona kabudula uja anaseka mpaka anakhala pasitepe. A Merv sanaseke. Anasuzumira m'galimotomo, namva kutentha komwe kunatsalamo, navula chipewa.

"Tikanakasambira ife..." anatero, osamaliza. Kenako anawerama movutikira ndi bondo lawolo, nakanda Beryl kuseri kwa khutu. "Wagona m'zovala zanga n'kukhalabe moyo? Ndiwe wolimba."

Ine ndinakumbutsa onse kuti mphaka saloledwa pamalopo, ndipo tiyenera kutuluka naye msanga. A Glenys anavomera, koma anati poonera chigwembe ndi pomwepa, kuseri kwa mitengo. "Mwafika kale, a Noelene. Pitani mukasuzumire."

"Nanga Beryl?"

"Mpatseni kuno," anatero a Merv. Anakalowa m'galimoto yathu, nayatsa mpweya wozizira, namukhazika pamiyendo. "Wina akadzanena ku Bundaberg, ndidzakana."

Ndinaperekeza a Noelene. Pansi patali madzi ankanyezimira pakati pa makoma amiyala yofiira ndi yoyera. A Noelene anagwira chitsulo chotchingira n'kuyang'ana nthawi yaitali kuposa yomwe ine ndinkaona kuti n'njoyenera.

"Ndi dzenje ndithu," anatero. "Koma analikumba bwino."

Titabwerera ku Hughenden tinapeza a Lindsay ali pampando, Boof atawagonera pamapazi, Tuppence pamiyendo, chala chimodzi atachimanga bandeji. Anali atamuloza Clarrie. A Noelene anayendera ziweto zawo chimodzichimodzi, nazinunkhiza ndithu, kenako anati, "Mwayesetsa." Madzulo ake anatiphikira masikono.

A Glenys anapereka mkeka wawo wobiriwira kusitolo ya zakale n'kugula wabuluu. A Noelene masiku ano akafika pamalo amayamba ayendera makomo a anzawo, ndipo akaona wobiriwira amakaima kutali.

Tisanasiyane anabwera pakhomo pathu ndi mapu, Clarrie ali paphewa. Anafunsa ngati tidzadutse cha ku Carnarvon mwezi wotsatira, chifukwa anamva kuti kumenekonso kuli dzenje. A Lindsay anayang'ana chala chawo, nati tidzadutsa.