Ndinaponda Masamba a Maliro kwa Dzoole

Loweruka lapitali ndinachita chinthu chimene mpaka lero chikundichititsa manyazi. Ndinadutsa pa maliro ndili pa njinga yamoto, osatsika, osavula chipewa. Ndikanakonda kukuuzani kuti sindinaone, koma bodza limenelo ndinalinena kale kamodzi ndipo silinapite patali.

Ambiri a inu mukuidziwa njinga yangayi, poti ndakhala ndikuitama patsamba lino chiigulireni. Ndi kanthu kakang'ono kofiira, kamene anzanga kuntchito amati ndi makina osokera amene anawaika matayala. Aziseka. Kanthu komweko kamandinyamula ku Blantyre m'bandakucha n'kukanditula kwathu, kuseri kwa Dzoole, dzuwa litangopendeka.

Koma amene sanayendepo ulendo wautali pa kanjinga kotere sadziwa kuti pa tala munthu amachepa bwanji. Lole ikamabwera kumbuyo imakuimbira hutala ili patali, ndipo ikamadutsa mphepo yake imakukankhira m'miyala ya m'mphepete. Basi ikakupitirira, anthu a pawindo amakuloza. Pa zitunda za ku Dedza kanjinga kamalira ngati mbuzi yomangidwa, zala zauma ndi mphepo, msana ukuwawa, matako afa dzanzi. Tsiku lonse ntchito yako ndi imodzi, kupatukira akuluakulu.

Pa Mponela ndinaima kuti ndithire petulo. Ndinaonetsa khadi ya chipani pachipata cha msika, n'kugula nthochi ndi shuga wa amayi. Pobwerera, njinga inakana kulira. Ndinaiponda mpaka thukuta, ndipo inadzuka anthu awiri ataikankha. Ndinalumbira mumtima kuti sindiizimitsanso mpaka pakhomo.

Nditasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wopita kumapiri, zinthu zinatembenuka. Nkhuku zinkabalalika, a njinga zakapalasa ankalowa m'tchire, amayi osenza nkhuni ankaima pambali kuti ndidutse. Ine amene ndinatha tsiku lonse ndikuthawa malole, tsopano lole ndinali ine. Ndisakunamizeni, zinkandikoma.

Masamba aja ndinawapeza m'munsi mwa chitunda chomaliza, pamudzi woyandikana ndi wathu, umene timagona nawo manda amodzi.

Inu amene munakulira m'tauni, pakagwa maliro kwathu anthu amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala modutsa msewu, uku ndi uko. Wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Wapanjinga amatsika n'kumakankha, chipewa chili m'manja, mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo, ndipo mwana aliyense amazidziwa asanayambe sukulu.

Ndinawaona ali patali. Ndinaonanso abambo atakhala pansi pa mitengo ndi amayi a mumpingo atavala zoyera, akuimba. Mutu wanga unachita masamu mofulumira. Ndikatsika, ndiyenera kuzimitsa. Ikazima, ilira? Ikapanda kulira, ndiye kuti ine, ndi jekete langa lachikopa, ndikankhe njinga chitunda chonsecho khamu la anthu likundiyang'ana. Ndiye panabwera ganizo limene ndikuchita nalo manyazi kuposa onse: chipewa changa cholimba chija chimabisa nkhope, adziwa ndani kuti ndine?

Ndinawonjezera moto. Amayi awiri ankadutsa msewu atasenza ndowa za madzi, ndipo ndinawaimbira hutala. Nyimbo inadukiza pang'ono n'kupitirira. Fumbi langa linatsala likugwera anthu.

Kunyumba ndinapeza chitseko chili chotseka, mudzi wonse uli zii. Apo m'pamene ndinayamba kudzifunsa. Kodi ndinkaganiza kuti anthu a kwathu akhala kuti, mudzi wa pafupi uli ndi maliro? Nanga njinga zamoto zofiira zimene zimakwera chitunda chimenechi zilipo zingati?

Amayi anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Ndi munthu wokalamba tsopano, ndipo chitunda chija amakwera mopumira. Sanandipatse moni wa masiku onse. Anakhala pakhonde n'kuyamba kukutumula mpango wawo.

"Mwayenda bwanji, aPhiri?" anatero, osandiyang'ana.

"Ndayenda bwino, amayi. Ndamva kuti kumunsiku kuli zovuta. Ine masamba sindinawaone."

"Simunawaone? Ine ndinali pa mphasa yachiwiri kuchokera kumsewu. Ndinakuonani mukukweza mapazi kuti nthambi zisakukoleni."

Anandiuza kuti amene tinamutaya ndi mkazi wa a Kamphinda. A Kamphinda ndiwo mkulu wa adzukulu, anthu amene amakumba manda a midzi yathu iwiri. Pamene bambo anga anamwalira, ine ndili m'basi ndikubwera, iwowa ndi amene anatsogolera anzawo kuswa nthaka yamiyala mvula ikugwa. Ndinafika zonse zitakonzeka, ine n'kungolira.

"Mayi wina anandinong'oneza kuti, mwana wanu uja wafika," anapitiriza amayi. "Kenaka anasuntha, ine n'kutsala ndekha pamphasa. Inu Lolemba mubwerera ku Blantyre. Ine ndikhala konkuno, ndipo ndidzafera konkuno. Mukudziwa zimene adzukulu amachita ndi banja lonyoza maliro. Amaika makasu pansi n'kukhala pamthunzi, eni ake akumbe okha. Ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, manja ake ndi ogwira cholembera. Mudzandikumbira ndinu?"

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitandipepukira.

Tsono ndikufunseni, inu anzanga amene mwayamba kuyenda pa injini masiku ano, aphunzitsi aakulu, alangizi, akalaliki a m'maofesi: ndine ndekha kodi? Ndi kangati mwaona masamba pamsewu n'kuyang'ana wotchi? Misewu yatsopanoyi ndi yabwino, sindikana, yatifupikitsira dziko. Koma pa tala palibe amene amakudziwa, ndipo iwenso sudziwa munthu. Anthu a m'mphepete amangodutsa m'maso ngati mitengo. Ukayenda choncho kuyambira m'mawa, umafika kwanu maso atazolowera, ndipo mitengo ija imasanduka abale ako iwe osazindikira.

China ndi ichi. Chipongwe chimene lole inandichita pa Dedza sindinathe kuibwezera, ndiye ndinachisunga mpaka ndinapeza wochepa kuposa ine. Ndinakachitulira amayi awiri osenza madzi a pamaliro. Timatero ambirife, kuntchito ngakhale kunyumba. Ndipo pa zonsezi chimene ndinkaopa chinali chiyani? Kuoneka ndikukankha njinga. Ndinaika pasikelo manyazi a chitunda chimodzi ndi ulemu wa munthu wakufa, ndipo jekete langa linalemera kuposa. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Mawu amenewa ndawalembapo patsamba lomweli, ndikudzudzula ena.

M'mawa mwake amayi anagwira nkhuku yawo yaikazi, imene inali itangoyamba kuikira, n'kuimanga miyendo. Ndinati tisiye njinga pakhomo, koma anakana.

"Munalakwa nayo limodzi, mupite nayo limodzi. Koma musaikwere."

Tinatsika chitunda chija, amayi patsogolo ndi nkhuku kukhwapa, ine pambuyo ndikukankha, chipewa chikulendewera pa chiwongolero. Anthu anali akadali pasiwa, akusesa. Onse anasiya zimene ankachita. Ndinaimika njinga kumsewu, n'kukakhala pansi penipeni patsogolo pa a Kamphinda, amene anali pakhonde ndi abale awo, maso atatupa.

Amayi ndi amene anayamba. Anati mwana ndi wawo, kulakwa n'kwawo, ndipo anaika nkhuku pansi. Ine ndinapepesa ndi mawu ochepa, osatchula za njinga yovuta kulira, chifukwa pamalo pamene paja chifukwa chimenecho chikanamveka ngati kutukwana kachiwiri.

A Kamphinda anayang'ana nkhuku ija, kenaka anayang'ana ine.

"Ife titakuonani mukuthamanga choncho, aPhiri, tinati mwina mwalandira uthenga woti amayi anu adwala," anatero pang'onopang'ono. "Tinati, asiyeni afulumire. Kenaka tinacheuka n'kuona kuti amayi anuwo ali nafe pompano, akuimbira mkazi wanga."

Palibe anaseka. Ine ndinangoyang'ana nyerere zimene zinkayenda pafupi ndi nsapato yanga.

Amayi sanafune kuchoka ndi chikaiko. Anasendera pafupi, atagwada, n'kufunsa poyera chimene chinawasowetsa tulo.

"Bambo, ine ndakalamba. Ndiuzeni lero ndidziwe. Tsiku langa likadzafika, makasu adzakhala pansi?"

"Ayi, mayi. Inu simunatilakwire. Palibe maliro a m'midzi ino amene simunagonepo. Manda anu tidzakumba, ndipo ndikadzakhala ndili moyo khasu loyamba lidzakhala langa."

Amayi anawomba m'manja mwaulemu, misozi ikutsika. Ine ndinapuma, n'kumaganiza kuti nkhani yatha. Koma mkuluyo anatembenukira kwa ine, ndipo analankhula mofatsa, ngati munthu wofunsa njira.

"Koma manda anu, aPhiri, mudzatiuziretu kumene mwakonza. Ifetu sitikudziwa ngati mukadali a kuno."

Nkhuku anailandira. Funsolo sanalibweze, ndipo ine sindinaliyankhe. Ndabwerera ku Blantyre, ndakhala pa desiki pano masiku anayi, ndipo yankho sindinalipezebe. Inu amene mukuwerenga muli m'tauni, kwanu akakufunsani chimodzimodzi, mudzati chiyani?