Padi ya Alamu Ake a Kochi

Kochi sanaphunzitsepo timu ina iliyonse, ngakhale ya ana osewera pafumbi. Ntchito yake ndi yometa anthu, ndipo wakhala akumetera m'kachipinda kamodzimodzi kuyambira mutu wake udakali wakuda bii. Dzinalo linabwera chifukwa cha pakamwa. Akamasewera mpira wa pa kompyuta amakalipira tianthu ta pagalasito ngati tikumumva, mpaka odutsa mumsewu amasuzumira poganiza kuti muli ndewu.

M'kachipindamo mulibe zambiri. Muli mpando umodzi wozungulira womwe siponji yake inayamba kalekale kusuzumira panja, kalilole wamkulu wosweka pakona, benchi ya odikira, ndi shelufu ya zipeso ndi makina ometera. Kuseri kwa chitseko kuli katebulo, ndipo pakatebulopo pali kompyuta yofunditsidwa thaulo. Tsitsi ndi chinthu chopanda ulemu, limalowa paliponse, ndiye kompyuta ya wometa imayenera kufunda ngakhale kutatentha chotani.

Wometa aliyense akuuzani kuti Lolemba ndi tsiku lakufa. Anthu amakhala atameta kale kumapeto kwa sabata, ndipo masana ake umangokhalira kuthamangitsa ntchentche. Kwa Kochi, Lolemba masana inali nthawi ya Chiphaliwali.

Chiphaliwali ndi wowotcherera zitsulo. Amapanga mageti ndi mawindo m'shedi yake kumunsi kwa msewu womwewo. Awiriwa anadziwana adakali anyamata opanda ndevu zoti n'kumeta, nthawi imene Kochi anatola kompyuta yake yoyamba ku ofesi ina imene inkataya katundu wakale. Inali ya chimbuyo chachikulu, yotentha moti ankayanikapo thaulo lonyowa n'kuuma. Mapadi, tija togwira m'manja posewera gemu, kunalibe. Ankaseweretsa kiyibodi imodzi anthu awiri, wina kumanzere wina kumanja, zigongono zikugundana, ndipo wogonja ankalumbira kuti mnzake wamukankha dala. Masiku amenewo Kochi amawakumbukabe, ndipo akamawakamba amasiya kumeta, kasitomala n'kumadikira mutu uli theka.

Kiyibodi yomweyo ndi imene inamupezera banja. Mlongo wake wa Chiphaliwali ankatumidwa kudzaitana mchimwene wake kuti chakudya chikuzizira. Ankaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kumawanena kuti amuna akuluakulu akulimbirana tizidole. Kenako anayamba kumakhala pabenchi kudikira kuti gemu ithe. Kenakonso anayamba kubwera ngakhale mchimwene wakeyo kulibe. Zotsatira zake mukuzidziwa kale. Kochi ndi Chiphaliwali anasanduka pachilamu, anayamba kuitanana kuti "alamu" ndi kuyankhulana ndi "inu", koma ulemu wake unkathera pa mawu okhawo. Gemu ikayamba, amene wachinyidwa ankamva zonse, za miyendo yake, za mutu wake, mpaka za mmene amayendera.

Padi yoyamba anagula limodzi. Itafika yachiwiri zigongono zinapuma. Mapadi ambiri anafera m'kachipindamo, ena anadyedwa waya ndi makoswe, ina inakokedwa ndi mwendo wa mkazi wa Kochi akulowa ndi tsache. Waya akaduka, Chiphaliwali ankapita naye ku shedi n'kubwera atalumikiza, pena moipa kwambiri, koma ankagwira ntchito. Ana anabadwa, anakula, ena anachoka pakhomo. Malolemba anapitirira.

Ndiye chaka chatha makina odulira chitsulo anamulanda Chiphaliwali chala chachikulu cha kudzanja lamanja. Chinapita chonse, panangotsala kachitsa. Bala linapola, munthuyo anabwerera ku shedi, anaphunzira kugwira zida zake ndi zala zinayi, ndipo mageti ake sanasinthe. Koma padi ndi nkhani ina. Kupatsira mpira, kuwombera pagolo, kukweza mpira m'mwamba, zonsezo ndi mabatani a kumaso kwa padi, ndipo mabatani amenewo ndi a chala chachikulu chakumanja.

Anabwera Lolemba limodzi lokha. Anayesa kufikira mabatani ndi chala cholozera, padi n'kumuterereka. Osewera ake ankangoyenda ndi mpira osaupereka. Kochi, pomva chisoni, anakhala chete gemu yonse, ndipo atachinya mwangozi anati, "Pepani alamu." Chiphaliwali anaika padi pabenchi mwaulemu, anati wakumbukira kuti wasiya shedi yosatseka, n'kutuluka. Sanabwerenso. Ngakhale kumeta anayamba kukameta kwina, chinthu chimene chinamupweteka Kochi kuposa mmene ankavomerera.

Malolemba anatalika. Kochi anayesa kusewera ndi kompyuta yokha, koma kompyuta siyikwiya, ndipo kuinyoza n'kungotaya malovu. Anamusowa mlamu wake kwambiri. Ankaopa kuti zatha basi, kuti azingoonana pa maukwati ndi pa maliro, n'kumapatsana moni wa dzanja ngati anthu ongodziwana.

"Mwawaona achimwene anu?" Kochi ankamufunsa mkazi wake.

"Ali bwinobwino. Shedi simukuidziwa kodi? Kapena anaisamutsa?"

"Sindikufuna kuwavutitsa."

"Zaka zonsezi mwakhala mukuwavutitsa, lero ndiye mwagwa ulemu," anatero mayiyo akupinda zovala, osamuyang'ana n'komwe.

Nzeru inachokera kwa kasitomala wina, dalaivala wa lole, amene anatchula kuti mwana wake ali ndi padi yokhala ndi mabatani ena kunsi kwake, odinidwa ndi zala zapakati. Kochi anazimitsa makina ometera n'kumufunsa kawiri. Lolemba lotsatira anatseka kachipinda kake n'kupita m'tauni.

Sitolo yake inali pamwamba, pokwera masitepe opapatiza, yodzaza ndi machaja, mahedifoni ndi zikopa za mafoni. Wogulitsa anali mayi wachitsikana wa magalasi, amene ankatafuna chingamu ngati wachita kulembedwa ntchito yotafuna. Kochi anapereka moni, anatulutsa tepi yakuda m'thumba, anapinda chala chake chachikulu chakumanja n'kuchimata kuchikhatho. Mayiyo anasiya kutafuna.

"Mwavulala, bambo?"

"Ayi mayi, ndikuyeza. Ndikufuna padi ya kompyuta yoti munthu wopanda chala ichi asewerere mpira."

Mayiyo anatsitsa bokosi lonyezimira. "Iyi ndiye yabwino kwambiri. Ilibe waya, mabatani akunsi ali anayi."

Kochi anaona mtengo wake pabokosi n'kulibweza mofatsa ngati muli mazira. "Imeneyi ndi ya mabwana. Ine ndimameta anthu. Komanso yopanda waya sindiifuna olo mutandipatsa ulere. Moto umatha munthu uli pafupi kuchinya. Ndiponso kwanga kumalowa anthu ambiri, ena a manja aatali. Padi ya waya imakhala yomangirira, siyitsagana ndi munthu."

Mayiyo anaseka, anatulutsa za waya n'kuziyala pagalasi, n'kuyatsa kompyuta yoyesera. Apa ndiye Kochi anali pakwawo. Yoyamba anangoinyamula n'kuibweza: inali yopepuka kwambiri, ndipo ataigwedeza munalira kanthu m'kati. Yachiwiri inali yolimba bwino koma kunsi kunali kosalala, yopanda batani ngakhale limodzi. Ina inali ndi mabatani akunsi, koma olimba moti chala chapakati chinatopa asanafike pakati pa bwalo. Anaganiza za dzanja la mlamu wake, lokhakhala, lozolowera chitsulo, koma lomwe tsopano liyenera kugwira padi ndi kudina nthawi imodzi popanda chala chothandizira pamwamba. Batani lolimba likanangoikankhira padiyo m'mwamba.

"Palibenso ina?"

Mayiyo anawerama n'kutulutsa kabokosi kofumbira pansi pa shelufu. Inali padi yakuda, ya dzina losadziwika, yosakongola ngakhale pang'ono. Kunsi inali ndi mabatani awiri ofewa, ndipo zogwirira zake zinali zokhakhala, zosaterera. Kochi anayamba ndi pomwe waya amalowera m'padi, poti mapadi ambiri amene anaikapo m'manda anafera pamenepo. Apa panali kalabala kokhuthala, ndipo waya yense anali wokutidwa ndi ulusi. Anamutambasula ndi mikono kuti aone ngati angachoke pakatebulo kukafika pabenchi. Anafika, n'kutsalako.

"Mabatani akunsiwa mungawauze ntchito imene mukufuna," anatero mayiyo, tsopano chingamu ataiwala. Anamuonetsa kadinidwe kake. Anaika kupatsira kunsi kumanja, kuwombera kunsi kumanzere, zina zonse anazikweza pa mabatani apamwamba a zala zolozera. Kochi anasewera chala chili chomata. Poyamba zinali zamanyazi. Kenako mpira unachoka kwa wosewera wina kupita kwa mnzake, mwadala, ndipo Kochi anamwetulira ngati wachinya. Mtengo wake unali woti wometa angaupirire. Analipira osanenerera, zimene sanachitepo chibadwire.

Sanathamangire nayo ku shedi. Anakhala nayo masabata angapo, akumata chala mpata ukapezeka, akusuntha ntchito za mabatani uku ndi uku mpaka anapeza pomwe dzanja la zala zinayi silivutika. Makasitomala ankafunsa za tepiyo, iye n'kumangoti ndi mankhwala. Atakhutira anatsika msewu, anapeza mlamu wake atawerama pa geti, nkhope ili m'chigoba chowotcherera. Anaika padi pa tebulo lachitsulo.

"Alamu, tembenuzani muone kunsi kwake."

Chiphaliwali sanakweze chigoba. Moto wokha ndi umene unazima.

"Lolemba ndimakhala ndilipo," anatero Kochi. Kenako anabwerera, padi n'kuisiya komweko.

Lolemba linafika. Kochi anasesa kawiri, anachotsa thaulo pa kompyuta, anamata chala chake, n'kukhala. Dzuwa linachoka pakhomo n'kukwera khoma la tsidya lina la msewu. Anali atayamba kuganiza zofunditsanso kompyuta pamene pakhomo panachita mdima.

"Ndabwera kudzameta," anatero Chiphaliwali. Padi inali m'thumba la ovolosi, waya akulendewera.

"Mutu umenewo anakuwonongani ndani?"

"Munthu wina wodziwa ntchito."

Sanapite pampando wometera. Anakhala pabenchi, pamalo pake pakale pomwe thabwa linachita kulowa, n'kupereka nsonga ya waya. Kochi anailowetsa m'kompyuta, anamuonetsa batani lililonse ntchito yake, n'kutenga padi yake yakale. Apo ndi pomwe Chiphaliwali anaona tepi.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Kuti tifanane, alamu."

Chiphaliwali anamuyang'ana. "Chala chanu chilipo?"

"Chilipo."

"Ndiye masulani. Changa chinapita chokha, sichinapemphe choperekeza. Ngati mwandiitanira chisoni, chisoni ndili nacho chambiri kunyumba, mlongo wanga amandibweretsera china sabata iliyonse. Masulani, apo ayi ndikupita."

Kochi anamva manyazi mpaka m'makutu. Anamatula tepiyo, inazula ndi tiubweya tomwe, n'kuiponya m'bini ya tsitsi.

Anayamba. Chiphaliwali ankasokoneza mabatani, pofuna kupatsira ankawombera, mpira n'kupita kwa oonerera. Kochi analanda mpira, anadutsa awiri, anatsala ndi goloboyi. Chala chake chinazengereza pa batani. Anamva mlamu wake akumuyang'ana m'mbali. Anadina, ukonde n'kugwedezeka.

Mawu akuti pepani anafika pakhosi, Kochi anawameza. Anachinyanso chachiwiri, chokongola, chapatali. Pamenepo pakamwa panatseguka pokha.

"Goloboyi wanuyu mwamutenga kuti, alamu? Akuoneka ngati akudikira basi."

"Sewerani mpira, musiye phokoso."

"Kumbuyoku mwaikako geti lopanga nokha eti? Likungotseguka ndi mphepo."

"Pakamwa ngati wailesi," anatero Chiphaliwali, koma mapewa ake anali atayamba kugwedezeka ndi kuseka, ndipo anasendera kutsogolo kwa benchi. Chakumapeto anapatsira mipira itatu yotsatana osalakwitsa, anafika pagolo, anawombera, mpira n'kumenya chitsulo. Anatukwana mawu oti sindingawabwereze pano. Kochi anali asanamvepo mawu okoma chotero chaka chonsecho.

Gemu inatha Chiphaliwali atadya zigoli zoti sitiwerenga. Anatembenuza padi, anayang'ana kunsi kwake, n'kuidina ndi chala chapakati.

"Padi yotchipa iyi. Batani lakumanzereli likuchedwa."

"Likuchedwa ndi batani kapena mwini wake?"

"Ikaninso."

Munthu wina anasuzumira pakhomo akusisita ndevu. Kochi anamuuza kuti abwere mawa, magetsi a makina ometera avuta, pomwe kompyuta ikuwala kumbuyo kwake. Anasewera mpaka dzanja la Chiphaliwali linatopa, ndipo mlamuyo sanawine ngakhale gemu imodzi. Ponyamuka anakulunga waya mosamala kuzungulira padi, n'kuiika yekha pashelufu yapamwamba, kuseri kwa mabotolo.

"Imeneyi asaigwire munthu wina," anatero. "Ndikufuna ndidzaipeze pomwepa Lolemba."