Kachinkhwe Kodyera Pakamwa pa a Eveles

A Eveles, amake Nancy, aja amayanika usipa pa thandala lachitatu mukamatsikira ku doko kuchokera ku msewu wa ku Khombedza, mbali ya kumanzere m'kamwa mwawo mulibe dzino ndi limodzi lomwe. Si matenda ayi, ndipo mwamuna sanawamenyepo. Mano aja anatha ndi kutafunira mbalame.

Amuna awo, malemu a Anderson, anali wokwera milambe. Mwezi wa Meyi ukafika ankasema zikhomo n'kumazikhoma pa mlambe, china pamwamba pa chinzake ngati makwerero, mpaka kukafika pa mphako pomwe zinkhwe zaswera. Zinkhwe zake ndi zobiriwira zija, zachikasu kukhwapa, zimene zinkatithera mapira kalelo. Ankapisa mkono n'kutulutsa tiana, tina tisanamere ndi nthenga zomwe, n'kutsika nato m'chipewa. Ntchito yawo inkathera pomwepo. Yotsalayo inali ya a Eveles.

Kamwana ka chinkhwe sikadziwa kujompha, kamadya zimene make wakalavulira kukamwa. Ndiye a Eveles ankatafuna mtedza wauwisi ndi chimanga chonyika, n'kuika kamlomo ka mbalame pakati pa milomo yawo, n'kumakankha ndi lilime. Kasanu pa tsiku, tiana khumi, uku Nancy akulira kumsana. Zaka zinatsala pang'ono kukwana makumi awiri ali pa ntchito imeneyi. Tikamera nthenga kunkabwera bambo wina wa m'tauni, dzina lake sitinalidziwe mpaka lero, n'kutilongedza m'katoni ya sopo yoboolaboola, n'kuikankhira pansi pa mpando wa minibasi. Komwe tinkapita a Eveles sanafunsepo. Anadzangomva kuti tina timakwera ndege, ndipo kuti pa khumi timafika tamoyo ndi tinayi. Atamva zimenezo anakhala masiku awiri chakudya chisakulowa, kenaka anapitiriza kutafuna, poti ana ankafuna kudya ndipo nyanja inali itayamba kale kumana anthu nsomba.

Chaka china chikhomo chinathyoka, a Anderson n'kugwa chagada. Anagona pamphasa zaka ziwiri, a Eveles akuwatembenuza ndi kuwasambitsa, mpaka Mulungu anawatenga. Pamaliro pomwepo a Eveles anauza amayi anzawo a Mvano kuti mbalame sadzaigwiranso. Kunena zoona panalibenso zambiri zoti n'kugwira, milambe ya kuno inali itangoti zii. Gulu limodzi lokha ndi limene linatsala, la ku manda, chifukwa mtengo wa kumanda munthu sakhomapo chikhomo.

Ndiye mwezi wa Juni wapitawu, mwera uli pakati, mabwato ali pamtunda, pakhomo pawo panaima njinga yamoto. Anatsika mtsikana wa yunifolomu, wa ku gemu, aja amayang'anira nyama zakutchire. Anati dzina lake ndi Triza, ndipo m'manja anali ndi katoni. A Eveles anangoti kwatha, abwera kudzandimangira zakale zija. Anafunda chitenje chabwino n'kukhala pansi kudikira unyolo.

Koma mtsikanayo anagwada n'kufotokoza kuti katoniyo ailanda pa msewu, munali tiana ta zinkhwe tisanu, tiwiri tafa kale. Kuti apite nato ku Lilongwe kumene amasamala mbalame, tikafera panjira. Anthu amuuza kuti kuno kuli mayi amene kamwana ka chinkhwe sikamufera m'manja.

"Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu, mwananga," anatero a Eveles. "Mbalame ine ayi."

"Munalonjeza zogulitsa, amayi. Izi n'zobwezera kutchire."

Anatsegula katoni. Fungo la tiana ta zinkhwe, lija la kalelo, linawapeza a Eveles asanasuzumire n'komwe. Tiana titatu, tili khuma pakona, kamodzi kakang'ono kwambiri, kadazi, maso otseka. A Eveles anangodzuka kukatenga nsanza yofunda.

Triza anasiya malamulo. Tizidya phala la mtedza pa supuni yopinda. Tikhale kuseri kwa chiguduli, tizingoona dzanja basi, nkhope ayi. Osatilankhula, osatinyamula, makamaka osatidyetsa pakamwa. Anati mbalame ikazolowera inu yazolowera munthu aliyense, ndipo yozolowera munthu kutchire sikhalitsa. A Eveles anavomera zonse, ngakhale mumtima ankati ana a sukuluwa kaya.

Tiwiri tikulutikulu tinaigwira supuni tsiku lomwelo. Kakang'ono kaja kanakana. Akati akatsegule kamlomo, phala linkangotsikira pachifuwa. Tsiku loyamba, lachiwiri, kathumba kapakhosi paja pamakhala chakudya kali phwa. M'mawa wa tsiku lachitatu anakapeza kamutu kali lende, tizala tozizira. Anakaika pachikhatho n'kukhala nako pakhonde nthawi yaitali.

"Ambuye, mukundiona. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Chimene ndimadziwa ndi chimodzi chomwechi."

Anatenga mtedza n'kutafunira kumanja kumene kwatsala mano. Atangokaika pamilomo, kanthu kaja kanayamba kugwedeza mutu, kumeza, kumeza, ngati kakhanda kamene kapeza bere. A Eveles misozi inangotsika yokha. Triza sanamuuze. Mtsikanayo akaimba foni kufunsa, iwo ankangoti zonse zili bwino, supuni ikugwira ntchito. Bodza limenelo analinyamula masabata asanu, ndipo ku Mvano akamapemphera ankalitchula chamumtima.

Mu Ogasiti tonse titatu tinali titavala nthenga. Triza anabwera ndi kakhola kawaya, anakapachika pa mtengo m'mphepete mwa manda kuti tizolowerane ndi gulu lija, ndipo patatha sabata anatsegula. Tiwiri tinatuluka n'kulowa m'gulu osacheuka. Kachitatu kanazungulira kamodzi, kawiri, n'kubwera kudzatera paphewa la a Eveles, n'kuyamba kupisa kamlomo pakati pa milomo yawo. Pamaso pa Triza.

Mtsikana uja sanakalipe. Anangoti, "Amayi," basi, n'kuyang'ana pansi. Bola akanakalipa. Pochoka ananena kuti kakapanda kusiya anthu adzakatenga n'kupita nako ku Lilongwe, kazikakhala m'khola moyo wake wonse, ndipo chinkhwe chimatha kukhala zaka makumi awiri kapena kuposa.

Ndipo kanali kopanda manyazi. Ku mjigo kankatera pa ndowa za amayi. Ku doko kankayenda pa maukonde asodzi akusoka. Munthu aliyense akangotafuna kanthu, kaya chinangwa kaya nzimbe, kafika kale paphewa. Anthu ankakondwera nako. A Eveles mtima unali m'mwamba, chifukwa ankadziwa amene akukayang'ana ndi diso lina.

Anali a Jameson, mng'ono wawo wa malemu a Anderson, amene mpaka pano amatchera ulimbo akapeza mpata. Tsiku lina Lachiwiri anafika, n'kudzikokera mpando okha pakhonde, uku akuyang'ana kambalame kakusewera ndi mpango wa a Eveles.

"Alamu, mwana uyu ndiye mwalera. Ulemu wake! Aliyense kumupatsa moni. Nancy simunamulere chonchi."

"Musakakhudze, alamu."

"Ine? Maondo awa angakwere mtengo? Koma nanga mbalame ikabwera yokha kudzatera paphewa langa, ndaba chiyani?"

Anapitiriza kunena, akuseka, kuti bambo wa m'tauni akubwera Loweruka, ndipo kodyera pakamwa ngati aka mabwana amakafuna kuposa zinkhwe khumi zolusa. A Eveles anawakumbutsa kuti achimwene awo anafera zomwezi.

"Achimwene anagwa mumtengo," anatero a Jameson. "Ine ndidzakhala chikhalire pampando, mtedza uli pakamwa."

Atachoka, a Eveles anakhala n'kulingalira. Kukatsekera m'nyumba, ndiye kuti khola layamba. Kuitana Triza, khola. Kusiya, katoni ya sopo pansi pa mpando wa minibasi. Konsekonse kunali waya. Njira inali imodzi yokha, kambalameko kaziopa munthu, ndipo masiku anali anayi.

Anayamba ndi tsache. Akakakupiza, kankadumpha n'kubweranso, kuyesa ndi masewera. Anakathira madzi, kanangodzikung'untha n'kuyamba kusamba. Anatseka chitseko tsiku lonse la Lachitatu osapita ku doko, kanakhala pawindo n'kumalira mpaka mutu unawawawa, kenaka kanapita kukadya kwa anthu ena.

Lachinayi anaganiza za tsabola, poti ndi mmene analekera Nancy kuyamwa. Anathyola kambuzi musanu, n'kutafuna pamodzi ndi mtedza. M'kamwa munayaka moto, misozi ndi mamina pamodzi, makutu kulira. Anapirira n'kukaitana. Kanadya zonse mpaka kupukuta kamlomo paphewa pawo, n'kupempha zina. Madzulo ake ataimba foni n'kuulula zonse, Triza anawauza kuti mbalame tsabola siimumva. Amayi oyandikana nawo anaseka mpaka kugwira nthiti. A Eveles anagona milomo itatupa, osadya.

Lachisanu m'mawa akusesa ndi pamene anakumbukira. Masiku a malemu a Anderson, zinkhwe zikuluzikulu zogwidwa ndi ulimbo bambo wa m'tauni uja ankazikana. Ankati chinkhwe chimene chafinyidwa m'dzanja n'kuponyedwa m'thumba sichiiwala, chimadana ndi munthu mpaka kufa. Anaimika tsache pakhoma. Analowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi mphasa, koma mawu a pemphero sanabwere. Anadzuka, anatenga thumba la feteleza ndi beseni lachitsulo.

Anaika mtedza pamilomo. Kanabwera monga mwa masiku onse, kanatera paphewa, kanapendeketsa kamutu. Katangopisa kamlomo, a Eveles anakagwira mwamphamvu, kukafinya mapiko mmene amagwirira otchera. Kanakuwa kukuwa kumene iwo ankakudziwa bwino, kumene ankakumva m'makatoni. Kanawaluma mlomo wam'munsi n'kung'amba, magazi chuu pa bulauzi. Sanataye. Anakaponya m'thumba, kumanga kukamwa kwa thumbalo, n'kuyamba kuomba beseni pafupi pomwepo, kuomba, kukuwa, kuligwedeza thumba. Anayenda nalo choncho njira yonse ya ku manda, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona, ena akuti amake Nancy azungulira mutu.

Pamphepete pa manda anamasula. Kanatuluka nthenga zili nyankhalala, kanagwa pansi, kanadzuka n'kukatera pa nthambi yapafupi, kakuwefuka. Kanawayang'ana. A Eveles anatola zibuma n'kuyamba kugenda, akutukwana mawu amene mayi wa Mvano sayenera kutchula. Chibuma chachitatu chinamenya nthambi, kambalame n'kulowa m'kati mwa mitengo. A Eveles anakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa linawawotcha. Ku chipatala anawasoka mlomo katatu.

Loweruka a Jameson analawirira. Anakaima m'mphepete mwa manda, mtedza uli pakati pa milomo, khosi lili m'mwamba, akuimba kaluzu. A Eveles anaima patali ndi ndowa yawo. Dzuwa linakwera. Amayi ochokera ku mjigo anatula ndowa kuti aonerere, wina n'kufunsa ngati a Jameson ayamba kupemphera choimirira. Kenaka gulu lija linatuluka ndi phokoso lake, kulunjika ku minda. Kamodzi kanatsalira m'mbuyo n'kutera pansonga penipeni pa mtengo wa msangu. A Jameson anasendera pang'onopang'ono, akutambasula milomo. Kanawayang'ana ndi diso limodzi, kanayang'ananso kumene kunaima a Eveles. Kanakuwa kamodzi n'kuuluka kutsata anzake.

A Jameson analavula mtedza uja.

"Alamu, mwaononga mbalame yabwino. Koma musaiwale, ulimbo ulipo."

"Ulimbo umagwira iliyonse," anatero a Eveles, mawu akutuluka mopotoka chifukwa cha mlomo. "Kakagwidwa kagwidwe ngati anzake, osati chifukwa cha ine."

Amayi aja anali akusekabe. A Eveles sanaseke nawo. Anasenza ndowa n'kubwerera kwawo, ndipo tsiku limenelo moto sanakoleze.

Triza atabwera sabata yotsatira anapeza palibe choti atenge. Anakhala nawo pakhonde, anawabweretsera shuga ndi sopo, n'kuwafunsa ngati akumva bwino mumtima. Anayankha kuti atopa basi, china palibe.

Mpaka lero gulu lija limadutsa pamwamba pa nyumba yawo m'mawa uliwonse, zinkhwe zisanu ndi zinayi. Kawo ndi kati, sangathenso kukaloza. Koma sakhulupirira kuti kaiwaliratu, ndiye akangomva phokoso lija amatuluka ndi beseni n'kumaliomba mpaka zonse zitapitirira. Oyandikana nawo anadandaula poyamba, pano anazolowera, ena amadzukira pomwepo. Zikapita, a Eveles amatsuka beseni lija n'kutsikira nalo ku doko kukalimbirana usipa ndi amayi anzawo.