Madala Opima Ana ndi Manja

Aneba anga a kuseri kwa mpanda anakalambira kunjanji, akupima katundu pasiteshoni, ndipo manja awo sanapume pantchito mpaka lero. Mwana aliyense wodutsa pakhomo pawo ku Barbourfields amamunyamula m'khwapa, n'kutsinzina, kenako amagamula: "Uyu wakwera," kapena, "Uyu akudya mphepo."

Ine ndimawaseka. Pajatu ndine nesi woyang'anira za kadyedwe ka ana pakiliniki pathu, ndipo kalata yopempha thandizo kwa mabungwe ndinalemba ndine, masamba makumi atatu a Chingerezi chokhachokha. Thandizolo litabwera tinagula chiponde ndi masikelo a batire. Ndapima ana a m'dera lonse, uku ndikukalipira amayi awo.

Loweruka lina madalawo ananyamula Nobuhle wanga. Sanatsinzine n'komwe.

"Amake Nobuhle, katunduyu wapepuka. Makilo awiri."

"Hayi, baba, ameneyu ndi mwana wa nesi," ndinatero. "Akungotalika."

"Kunjanji katundu amene ankasowa ndi wa bwana," iwo anayankha, "chifukwa palibe ankamupima."

Ndinatulutsa sikelo ndi khadi lake kuti ndiwachititse manyazi. Makilo awiri analidi atapita. Mwana anaulula kuti masana amangodya maputi, chimanga chokazinga chija, ndi zakumwa za shuga, poti mayi ake amalawirira kukaphunzitsa anzawo kudyetsa ana.

Madala anasuzumira manambala aja, n'kundisisita paphewa.

"Sikelo yanuyi ndi yabwino, mwanangu. Yalondola."