Tifini ya Anti pa tsiku la Vesaki

Tifini ija ndimaionabe m'maso: mbale zachitsulo zinayi zosanjikizana, chogwirira pamwamba. Sinali yathu ayi. Inali ya Anti a khomo loyandikana nalo, mayi a ku Sri Lanka, a chipembedzo cha Chibuda. Ife tinali titangofika kumene ku Leicester kuno. Amayi anabwera ndi banja la amwenye lomwe ankaligwirira ntchito ku Limbe, ine pambuyo ngati katundu. Sukulu ya kuno sinandikonde, nanenso sindinaikonde, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Amuna awo a Anti anamwalira m'nyengo yozizira. Ndiye kutayamba kufunda, mwezi wa Meyi, kunabwera chikondwerero chawo chachikulu, Vesaki, mwezi uli wathunthu kumwamba. Amati Buda anabadwa, anapeza kuwala, n'kudzamwalira pa tsiku lofanana. Ine ndinkati koma ndiye Khirisimasi ndi Pasaka mumphika umodzi! Anti anapachika nyali zamapepala pakhomo, mvula ya kuno n'kuzisandutsa phala.

Chachikulu chinali chakudya. Ankayenera kukapereka kwa amonke, ansembe a Chibuda, omwe ankakhala m'nyumba wamba cha ku Wigston, kuti zabwino za mphatsoyo zikafike kwa malemu. Tsono amonke aja sadya dzuwa likapendeka. Likangodutsa pamutu basi, ngakhale ubwere ndi phwando lonse. Masiku omwewo Anti anaterereka pamasitepe, mwendo m'pulasitala. Amayi sakanachoka kwa abwana, ngakhale linali Lamlungu. Anangondiyang'ana: "Upita iweyo. Ukagwade ngati mwana wa munthu, usakandichititse manyazi." Amayitu anali a kwaya, Mkhristu weniweni, koma pa nkhani ya namfedwa sankafunsa za mpingo.

Anti anaphika atakhala pampando, osalawa ngakhale mchere, poti chakudya chotere salawa. "Usatsegule, usanunkhize," anatero m'Chingerezi chothyoka ngati changa chomwe. Kusanunkhiza kwake kuti, kokonati ndi tsabola zikudziyankhulira zokha?

Basi inandisiya ndikuiona. Adzukulu anga ku Braunstone amati, "Agogo, bwanji simunaimbe foni?" Foni yake iti masiku amenewo? Basi ina ikanabwera mochedwa, za Lamlungu mukuzidziwa. Ndinauyamba wapansi, kutsata zikwangwani za pasiteji monga Anti anandiuzira. Chogwirira chija chinkandidula zala, msuzi wotentha ukudonthera pa sokosi, nsapato zothina zikundiluma chidendene. Kwathu ukanangoyang'ana chithunzithunzi chako pansi n'kudziwa nthawi. Kuno mitambo yokhayokha. Ndinafunsa bambo wina woyendetsa galu, atandiuza, ndinayamba liwiro, tifini nditaikumbatira pachifuwa, ikuotcha. Mumtima ndinkangoti chakudya ichi sichibwerera kwa Anti, olo ndigwe. Ndinali ndi liuma ine, mpaka lero, kafunseni omwe ndagwira nawo ntchito yosamalira okalamba.

Pakhomo panali mulu wa nsapato. M'kati anthu ovala zoyera atakhala pansi, amonke atatu a mitu yampala, mikanjo yofiirira ngati njerwa, atayamba kale kudya. Mayi wina anandikoka dzanja, kumasula mbale zija msangamsanga, n'kundikankhira kutsogolo. Ndinagwada bwinobwino, manja awiri, mutu pansi. Mmonke wamkulu analandira, n'kutapa mpunga wa Anti, n'kuika m'kamwa. Ndinadikira zikomo. Zii. Osandiyang'ana n'komwe. Kwathu ngakhale abusa amathokoza ukawapatsa madzi akumwa! Lero ndikudziwa kuti kwa iwo wothokoza ndi woperekayo, poti ndiye wapatsidwa mwayi. Koma tsiku limenelo ndinatupa ngati chule.

Banja lina linandibweza pa galimoto. Ndinalowa kwa Anti ndikudandaula kale: "Anthu anu aja alibe ulemu, taonani zala zangazi."

"Adya?"

"Adya."

"Nthawi isanakwane?"

"Eya, ndinawaona ndi maso angawa."

 Anti anatenga kajagi ka madzi n'kuyamba kuthira m'kapu yomwe inali pambale patebulo, pang'onopang'ono, akunong'ona dzina la amuna awo. Kapu inadzaza, iwo osasiya, madzi akusefukira m'mbale mpaka pansalu. Ine, posadziwa kuti umu ndi mmene amatumizira malemu zabwino za mphatso ija, ndinaganiza kuti misozi yawatseka maso, ndiye ndinathamangira kukhitchini kukatenga kansanza.