Nsomba Ndi Dobadoba Chabe

Anthu a m'maofesi amamutcha Kabotolo, ndipo iye amavomera ndi mtima wonse. Mukamva chikwama chikulira ngati maseche m'masitepe nthawi ya nkhomaliro, dziwani kuti wafika. Amagulitsa makapisozi a mafuta a nsomba, aja a omega, achikasu onyezimira ngati mikanda. Sanayambire pamenepa ayi. Anayamba ndi machaja a foni, kenako masokosi, kenako magalasi a dzuwa omwe anamukanirira m'manja mvula itayamba. Koma mafutawa anamugwira mtima pa chifukwa chimodzi: chaja munthu amagula kamodzi n'kukuiwala, pomwe botolo limatha.

Ndipo Kabotolo amadziwa tsiku limene lithere. M'botolo mumakhala makapisozi makumi asanu ndi limodzi, munthu amameza awiri pa tsiku, ndiye mwezi ukamatha iye amakhala ali kale pakhomo. Mlembi wa kampani ina ya inshuwalansi akangogwedeza botolo lake n'kumva kuti mwatsala tiwiri, amamva kugogoda.

"Iwe Kabotolo, unatiikira kamera m'madirowamu kapena?"

"Ayi amayi, ndi masamu chabe."

Bodza ndiye sagulitsa. Wina akamufunsa ngati mafutawa amachiza shuga, amapukusa mutu. "Si mankhwala awa bwana, ndi chakudya chothandizira thupi. Wodwala apite kuchipatala, ine ndim'peza akatuluka."

Chaka chino zinthu zinamusokonekera kunyumba, ndipo zinasokonekera pa nkhani yabwino. Mkazi wake, telala wosoka mayunifolomu a ana asukulu, anatenga pakati pa mwana wawo woyamba. Nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Makina osokera amakhala pabalaza pafupi ndi windo, makatoni a mafuta amakhala pansi pa bedi. Kale zinali bwinobwino. Koma mimba itayamba kuoneka, mphuno ya mkaziyo inathwa ngati singano yake. Kenako tsiku lina dzuwa litang'amba, botolo limodzi linatseguka m'chikwama, makapisozi n'kuphulika, mafuta n'kulowerera m'chikwama, m'jekete ndi m'makatoni momwe. Kabotolo anachapa ndi sopo, anapaka mandimu, anayanika. Iye samamvanso kanthu. Mkazi wake ankamumva ali pageti.

Ku sikelo anamwino atamva kuti mayiyu sakutha kuyandikira nsomba, komanso akudya mwa apo ndi apo, anamuuza kuti mafuta a omega angam'thandize iyeyo ndi mwana yemwe. Kabotolo anadumpha.

"Katundu ali pansi pa bedi! Ena amachita kuyenda ulendo, iwe ukugona pamwamba pake!"

Mkaziyo anatsina mphuno n'kumeza kamodzi. Patapita kanthawi anageya, ndipo nsomba yonse inabwerera kukhosi. Anathamangira kubafa. Atatuluka anakhala pampando wa makina, maso ali psuu.

"Bambo, ine ndayesetsa. Loweruka achemwali akubwera kudzanditenga. Ndikakhala kwa amayi mpaka mwana abadwe."

Kwa apongoziwo n'kutali, basi imayenda tsiku lathunthu. Kabotolo anaona zonse zikumudutsa: kugunda kwa mwana m'mimba, kugula timalaya, tsiku lenilenilo. Angadzangomva pa foni ngati mnansi wamba.

"Ndipatse mpaka Loweruka lomwelo," anatero.

"Muchita chiyani? Musintha mphuno yanga?"

"Ndisintha mafuta."

M'mawa mwake anapeza botolo la mafuta a nthangala za fulakesi, opanda fungo la nsomba ngakhale pang'ono, n'kuthamangira nalo kwa anamwino aja. Anamwinowo analitembenuza, n'kunena kuti mafutawo ndi abwino ndithu, koma mtundu wa omega umene iwo ankanena thupi limaupanga pang'ono chabe kuchokera ku mafuta oterewa. Kabotolo anatuluka mapewa ali pansi. Anagulitsa tsiku limenelo ngati munthu wobwereka pakamwa.

Lachisanu anapita kooda katundu. Mayi wa sitolo yopikulitsa ndi munthu wonenepa, wolankhula pang'onopang'ono, wokhala pansi pa fani tsiku lonse. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, lero chikwama chokha ndiye chikulankhula. Watani?"

Kabotolo anakhuthula zonse. Mayiyo anaseka mpaka kauntala kugwedera.

"Ndiye iwe umaganiza kuti nsomba ndiyo mwini wake wa mafutawo?"

"Nanga mwini wake ndani, amayi?"

"Ndere. Tindere ta m'nyanja tosaoneka bwino ndi maso. Tizilombo ndi tinsomba ting'onoting'ono timadya tindereto, nsomba zazikulu zimadya ting'onoto, mafuta n'kumakwera choncho mpaka kufika m'botolo lakolo."

Kabotolo anaima chilili. M'mutu mwake munayamba kuthamanga zinthu zomwe amazidziwa bwino kuposa dzina lake: wopanga, wopikula, wogulitsa.

"Dikirani kaye amayi. Ndiye kuti nsomba imangooda?"

"Tinene choncho."

"Imaooda kwa ndere, n'kuikapo fungo lake, n'kutigulitsa ife? Amayi! Nsomba ndi dobadoba chabe!" Anamenya kauntala ndi chikhatho. "Zaka zonsezi ndikutamanda munthu wapakati! Nanga fakitale yeniyeniyo, katundu wake amapezeka?"

Mayiyo analoza ndi chibwano shelefu ya pamwamba. Panali timabotolo tochepa tobiriwira, tafumbi. Anati anthu satigula, chifukwa n'tokwererapo mtengo, komanso akamva kuti ndere amaseka n'kutuluka. Kabotolo sanaseke. Anakwera pampando, anatsitsa kamodzi, anakapukuta ndi malaya ake ngati kakhanda.

Anamwino anawapeza akutseka chitseko. Anawerenga kumbuyo kwa botolo, n'kugwedeza mutu. "Awa ndi omwewo, abambo. Azimeza atadya kaye."

Loweruka anadzuka mkazi wake akulongedza. Kabotolo anafuna kuchotsa kaye fungo m'thupi mwake asanam'patse botololo. Anatenga chikwama ndi jekete lija n'kukazisiya kwa mnzake wometa tsitsi, anasamba konko, anagula malaya atsopano pamsewu n'kuvala pomwepo, mizere ya mupaketi ikuonekabe. Pobwerera anapeza takisi itaima pageti, buti ili yasa. Alamu ake, achemwali a mkazi wake aja, mayi wa saluni wosadziwa kunong'ona, anali pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwabwera? Lero amphaka otsata fungo la nsomba aja sanakuperekezeni bwanji?"

"Ndawapatsa holide, alamu. Ndipatseni mpata ndilankhule ndi mayi a kunyumba."

"Lankhulani msanga, takisi sidya nkhani."

Mkazi wake anakhala pabalaza, zikwama ziwiri pamapazi. Kabotolo anagwada, anatulutsa kabotolo kobiriwira, n'kuyamba kufotokoza za ndere, za tinsomba, za dobadoba, mawu akupondana okhaokha.

"Ndere?" Alamu analowa m'nyumba. "Mng'ono wangayu mwamuyesa chule?"

"Alamu, nsomba zonse mwadya chibadwireni zija, mumadya ndere zomwezi, kungoti zovala masuti."

Mkaziyo anafuna kuseka koma anadzigwira. Anatambasula dzanja. Anatsegula botolo patali, analisendeza pang'onopang'ono, anatseka maso, ananunkhiza. Ananunkhizanso.

"Palibe," anatero motsitsa. "Koma lija nalonso linandinamiza polowa. Nkhani ili pobwerera."

Kabotolo anathira tiyi, anadula buledi. Mkaziyo anadya, anameza kapisozi kamodzi, n'kuika manja pamimba. Ndiye anthu atatu akuluakulu anakhala chete pabalaza kudikira kugeya. Panja woyendetsa takisi analiza hutala. Alamu anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, tadikirani! Tili pa msonkhano!"

"Wa chiyani, amayi?"

"Simungaumve!"

Kabotolo thukuta linali kamukamu m'malaya atsopano aja. Ankayang'ana khosi la mkazi wake ngati mmene amayang'anira kasitomala amene wagwira botolo koma sanapise m'thumba.

"Mwina umweko madzi?"

"Musandifulumize bambo, si minibasi iyi."

Hutala inaliranso. Kenako mkaziyo anatukula chibwano, anaika dzanja pakamwa, ndipo kunamveka kaphokoso kakang'ono. Anakhala kaye ngati akumvetsera wailesi ya kutali. Anatafuna m'kamwa mopanda kanthu.

"Tiyi," anatero. "Tiyi yekhayekha."

Kabotolo anakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Anafuna kumunyamula mkazi wake, anakumbukira mimba, n'kukumbatira alamu m'malo mwake.

"Ndisiyeni inu, mundiphwanyira tsitsi!"

"Musasangalale msanga," anatero mkaziyo. "Izi ndizimwa. Koma ine ndi makatoni a pansi pa bedi aja sitingagonenso nyumba imodzi. Wina atuluke lero."

Kabotolo anayang'ana kuchipinda, anayang'ana takisi, kenako anatembenukira kwa alamu ake akumwetulira mano onse.

"Alamu anga okongola, kuseri kwa saluni kuja kuli kachipinda kozizira bwino, kopanda dzuwa..."

"Ayi! Ayi ndithu! Makasitomala anga azituluka akununkha doko?"

"Achemwali," anatero mng'ono wawo, mawu ali ofewa, "mukufuna ndikaberekere kutali, inu osandiona?"

Alamu anatola chikwama chawo cha m'manja. Posakhalitsa Kabotolo ndi woyendetsa takisi anali akupakira makatoni m'buti, otsala pampando wakumbuyo. Alamu anakhala kutsogolo, windo lili pululu, mpango uli pamphuno.

"Ndinabwera kudzatenga munthu, ndikubwerera ndi nsomba. Alamu, mwana ameneyu akakhala wamkazi, tsitsi lake ndizimuluka ine, ndipo muzilipira kawiri!"

Takisi itakhota pakona, Kabotolo anabwerera m'nyumba akuthamanga, mutu utadzaza kale ndi mzere wa amayi oyembekezera uja wa ku sikelo, ndi anthu ena onse amene nsomba siwayanja.

"Ukudziwa kuti pa shelefu paja patsala timabotolo tingati? Ndikawapempha anamwino kaye, akalola, Lolemba lomweli..."

"Bambo," anamudula mkazi wake, akumasula zipi ya chikwama choyamba. "Tengani ndowa ndi sopo. Pansi pa bedi paja ndikupamva ndili kuno."